KABATI YA MBAWA YA MALEMU BAMBO: MTENGO WAKE NDI WOTANI?

M'nyumba zambiri zakale za kuno kwa Kuntumanji, munthu ukalowa kuchipinda kwa agogo, maso akangozolowera kamdima, chinthu choyamba kuchiona ndi kabati yaikulu ya zovala, ija ena amaitcha wodiropu. Imakhala yofiira moderako, galasi lake linayamba kale kuchita mawanga, ndipo chitseko chimodzi sichitsekeka pokhapokha utapanirapo kapepala. M'kati mwake mumakhala mkanjo wa pa Idi, mizuli iwiri kapena itatu, nsalu za amayi zimene sizinalowebe m'madzi, Msahafu wokutidwa bwino pamwamba penipeni, ndiponso kachitini ka makalata ofunika. Ana a m'nyumbamo anakula akuiona ili pakona pomwepo, kotero kuti palibe amene amaganizako zoti ili ndi mtengo, monga momwe munthu saganizira mtengo wa khoma la nyumba yake.

Funso la mtengo limadza pa nthawi ziwiri zokha, ndipo zonsezo ndi nthawi zowawa. Yoyamba ndi ya njala. Nyanja ya Chilwa ikaphwa, monga inachitira mu 1968 ndi mu 1995, kapena ikathawira kutali monga mu 2012 ndi mu 2018, matemba amasowa, mpunga umapserera, ndipo banja limayamba kumwaza maso m'nyumba kufuna choti ligulitse. Nthawi yachiwiri ndi ya maliro, pamene mwini nyumba wabwerera kwa Mulungu ndipo abale akhala pansi kuti aone za katundu. Pa nthawi ziwirizi m'pamene pamatulukira munthu wa galimoto, waulemu wake, ndalama zili m'thumba. Amaiyang'ana kabatiyo mopukusa mutu, nanena kuti yatha kale, koma chifukwa cha chisoni atha kuperekapo kangachepe, mwinanso kusinthanitsa ndi yatsopano yonyezimira ya m'sitolo.

Si ogula onse amene ali akuba, ayi, ndipo sitikunena kuti kugulitsa kabati ndi tchimo. Katundu ndi wanu. Chimene tikufuna kukambirana nanu, abale ndi alongo m'Chisilamu, ndi chakuti muyambe mwadziwa mtengo wake weniweni musanagulitse kapena kugawana, chifukwa kawirikawiri m'matabwa amenewo muli gawo la mayi wamasiye ndi ana amasiye.

Zinafika bwanji kunyanja kuno?

Mzinda wa Zomba unali likulu la dziko lino kuyambira mu 1891, pamene Harry Johnston anakhazikitsa boma lake kumeneko, kufikira mu 1975 pamene likulu linasamukira ku Lilongwe. Pa zaka zonsezi makolo athu ambiri ankakwera kuchoka kunyanja kupita kutauni kukagwira ntchito m'nyumba za akuluakulu a boma: ena ankaphika, ena ankachapa, ena anali atelala, ena alonda. Dziko litalandira ufulu mu 1964 azungu ambiri anabwerera kwawo, ndipo kabati yolemera yonyamula amuna anayi si katundu wokwera naye sitima. Zina zinagulitsidwa, zina zinaperekedwa kwa wantchito wokhulupirika ngati chotsazikira.

Koma makabati ochuluka amene tili nawo sanachokere kwa azungu. Anapangidwa konkuno ndi amisiri athu. Mishoni za ku Blantyre ndi ku Domasi zinkaphunzitsa ukalipentala, ndipo ngakhale makolo athu ankakana kutumiza ana kusukulu za mishoni poopa kuti akasiya Dini, luso lokha silikhala mumpanda: linayenda kuchoka m'manja mwa uyu kupita m'manja mwa uyo mpaka linafika kwa amisiri achisilamu. Ndalama zolipirira amisiriwo nthawi zambiri zinkachokera ku Joni kapena ku Halale. Mwamuna akabwera ku Wenela, imene inaleka kulemba anthu kuno mu 1974, kapena ku Teba, imene inatsekedwa mu 1988, ankafuna zinthu zooneka: malata padenga, njinga, makina osokera, ndi kabati ya galasi yoti mkazi wake azinyadira. Choncho makabati ambiri a m'dera lino ali ndi zaka za pakati pa makumi anayi ndi makumi asanu ndi atatu. Chiwerengero chimenechi muchisunge, tichifunanso kutsogoloku.

Mbawa ndi mitengo yofanana nayo

Ogula a m'tauni mudzawamva akutchula dzina loti mahogany. Mtengo weniweni wa dzina limeneli kwawo ndi ku Cuba, ku Jamaica, ku Honduras ndi maiko ena a kumeneko. Mu 1721 dziko la Britain linachotsa msonkho pa matabwa ochokera kumaiko amene linkawalamulira, ndipo kuyambira pamenepo amisiri a ku London anaukonda kwambiri mtengowu. Tisaiwale kuti odula mitengoyo m'nkhalango ambiri anali akapolo ochokera kuno ku Africa. Mbawa yathu ndi mbale wake wa mtengo umenewo, banja lawo ndi limodzi. A sayansi amaitcha Khaya anthotheca, ndipo m'mabuku akale mudzaipeza ili Khaya nyasica, dzina lotengera ku Nyasa konkuno.

Mbawa imakonda m'mphepete mwa mitsinje ndipo imakula modabwitsa. Amene mumayenda mu Zomba mumaiona mitengo ikuluikulu imeneyi m'mbali mwa misewu, ndipo m'nkhalango ya Chirinda ku Zimbabwe muli umodzi wotchuka chifukwa cha kutalika kwake. Asodzi akale amaidziwa bwino chifukwa inali pakati pa mitengo yosemera mabwato. Lero mbawa yaikulu yoti n'kuchekamo thabwa limodzi lokwana chitseko chonse cha kabati ndi yosowa zedi. Kuidula popanda chilolezo cha a zankhalango ndi mlandu, ndipo mu November 2022 maiko a m'pangano la CITES, atakumana ku Panama, anaika mbawa, mlombwa ndi msambamfumu pa mndandanda wa mitengo imene zipika ndi matabwa ake sizituluka m'dziko popanda chikalata chapadera. Apa m'pamene pagona mtengo wa kabati ya agogo: matabwa ngati amenewo, otambalala, ouma bwino kwa zaka makumi ambiri, kalipentala wa lero sangawapeze wamba ngakhale atakhala ndi ndalama.

Tsono si chofiira chilichonse chimene chili mbawa. Amisiri ena ankatenga paini wa kuphiri la Zomba n'kumupaka mankhwala ofiiritsa, ndipo kwa munthu wongoona patali zimafanana. Kuti mudziwe, musayang'ane kumaso kumene kuli vanishi. Ikokeni kabatiyo pang'ono kuchoka kukhoma muone kumbuyo, kapena solorani dirowa muitembenuze. Mbawa imakhala yofiira mpaka m'kati, ilibe mfundo zambiri, ndipo mukaiunika imaonetsa mizere yosinthana kuwala. Paini m'kati mwake ndi woyera, ali ndi mfundo zozungulira, ndipo chikhadabo chimalowa mukadinikiza. Mlombwa ndi wa mtundu wa khofi wosakanikira ndi mizere yagolide, ndipo nawo ndi mtengo wapamwamba, musaupeputse. Mkungudza wa ku Mulanje umadziulula wokha ndi fungo lake. Palinso makabati ena obwera kuchokera ku Joni amene ali ndi kachikopa kopyapyala ka mtengo wabwino komatidwa pamwamba pa matabwa wamba. Mudzawazindikira pakona pamene kachikopako kayamba kumatuka.

Muonenso m'mene mmisiri analumikizira makona a dirowa. Ntchito ya manja yabwino imakhala ndi mano olowana ngati zala za manja awiri, ndipo manowo salingana ndendende chifukwa anadulidwa ndi kamacheka. Pamene pangokhomedwa misomali, ntchitoyo inali yachangu. Kumbuyo kukakhala timizere ta macheka a padzenje, aja ochekera anthu awiri wina pamwamba wina pansi, ndiye kuti thabwalo silinadutse m'makina.

Nkhani za ku London ndi ku New York

Masiku ano pafupifupi banja lililonse lili ndi mwana wa foni, ndipo mwanayo akangofufuza pa intaneti amabwera akuthamanga kuti agogo mwakhalira chuma, makabati akale akugulidwa mamiliyoni kunja. Nkhanizo si zabodza zonse. Mu June 1989 kampani yogulitsa katundu pa okushoni ya Christie's ku New York inagulitsa kabati ya mabuku yokhala ndi desiki, ya mtengo wa mahogany, pa madola 12.1 miliyoni. Inapangidwa ku Newport m'zaka za m'ma 1700, inali ya wamalonda wina dzina lake Nicholas Brown, ndipo inakhala m'banja lomwelo zaka zoposa 200 kufikira tsiku logulitsalo. Ogula sankalipira matabwa. Ankalipira mbiri yodziwika bwino, ukatswiri wa amisiri a malo amenewo, ndiponso kusowa kwa zinthu za mtundu umenewo padziko lonse.

Chimene mwana wa foni uja sakuuzani ndi ichi. Kwa anthu a malonda amenewa, chinthu chimayamba kutchedwa chamakedzana chikakwanitsa zaka 100. Kabati yopangidwa ndi ndalama za ku Wenela sinafikebe pamenepo. Kuonjezera apo, ku Britain komweko mitengo ya mipando, matebulo ndi makabati akale a matabwa oderako inafika pachimake cha m'ma 2002, ndipo kuchokera pamenepo inatsika kwambiri. Nyumba zatsopano kumeneko ndi zazing'ono, zimamangidwa ndi malo osungiramo zovala m'khoma momwemo, ndipo achinyamata safuna chikabati choti sichingakwere masitepe. Makabati a zovala ndiwo anagwa koposa, kotero kuti pa maokushoni a m'matauni ang'onoang'ono kabati ya mahogany ya zaka zoposa 100 imatha kupita pa mtengo wochepera ndalama zoinyamulira. Ndiye munthu akakuuzani kuti mumupatse ndalama zoyendetsera mapepala kuti akakugulitsireni kabati ku London, mutsanzikeni mwaulemu. Msika wa kabati yanu uli konkuno: ku Zomba, ku Blantyre, ku Lilongwe, kwa anthu ofuna katundu wolimba wa m'nyumba, kwa eni malo ogona alendo, ndi kwa akalipentala ofuna matabwa.

Choncho pali mabodza awiri oyenera kuwapewa. Lina ndi la wogula wonena kuti chinthuchi ndi nkhuni chabe. Lina ndi la wachibale wolota mamiliyoni, amene amakaniza malonda abwino kapena kuyamba kunamizira mayi wamasiye kuti wabisa ndalama. Mwa mabodza awiriwa, ine ndimaona kuti lachiwirili ndilo limaswa mabanja kwambiri.

Okushoni imayenda bwanji, ndipo Chisilamu chikuti chiyani?

Alimi a fodya safuna kuuzidwa za okushoni, pakuti ku Limbe yakhala ikuchitika kuyambira mu 1938. Ya katundu wa m'nyumba imayendanso chimodzimodzi: katundu amaonetsedwa, woitanira amatchula mtengo woyambira, ogula amapikisana, ndipo womaliza kukweza ndiye amatenga. Koma ndalama imene yatchulidwa pomaliza si imene imafika m'manja mwanu. Eni okushoni amadulapo komishoni yawo. Galimoto yochokera kuno kukafika ku Blantyre ndi yanu, ndipo msewu wa dzinja mukuudziwa. Katundu akapanda kugulidwa, mumalipiranso pomubweza kapena pomusungitsa. Musanapereke kabati funsani zonsezi, zilembedwe papepala, ndipo mutchuliretu mtengo wotsikitsitsa umene simungalole kuti ipite pansi pake. Popanda zimenezo, tsiku limene kwabwera ogula awiri okha kabati ya bambo anu idzapita ngati tomato wa madzulo.

Ena amafunsa ngati Msilamu akuloledwa kugula kapena kugulitsa mwa njira imeneyi, popeza tinaletsedwa kulowerera malonda a m'bale wathu. Maulama ambiri anati ndi zololedwa, ndipo umboni wawo ndi Hadisi ya Anas bin Malik imene ili m'mabuku a Abu Dawud ndi Tirmidhi. Munthu wina wa ku Madina anabwera kudzapempha kwa Mtumiki Muhammad (madalitso ndi mtendere wa Mulungu zikhale pa iye). Mtumiki anamufunsa chimene anali nacho kunyumba, ndipo anabweretsa chofunda ndi chikho. Mtumiki anazinyamula nafunsa wofuna kugula. Wina anatchula dirhamu imodzi, Mtumiki anafunsanso ngati alipo woonjezera, ndipo wina anapereka ziwiri. Imodzi inagula chakudya cha banja, inayo inagula nkhwangwa yoti munthuyo azikadulira nkhuni zogulitsa. Choletsedwa ndi kulowerera pamene awiri agwirizana kale. Pamene katundu akadali poyera kuyembekeza woonjezera, khomo ndi lotsegula kwa aliyense.

Chimene chili haramu pa okushoni ndi najshi, kutanthauza kukweza mtengo ulibe cholinga chogula, n'cholinga choti wina apsere. Bukhari ndi Muslim onse analandira Hadisi yoletsa zimenezi. Kotero musatume mlamu wanu kukaima m'gulu kuti azikankha mtengo wa kabati yanu. Kubisa chilema nakonso n'koletsedwa. Tonse tikuidziwa nkhani ija ya Mtumiki (SAW) pamene anapisa dzanja mu mulu wa chakudya pamsika napeza kuti pansi pake ndi ponyowa, ndipo anadzudzula mwini wake. Ngati mwendo wa kumbuyo unadyedwa ndi chiswe, kapena kabati inamira pa madzi osefukira, nenani. Musamate phula n'kupakapo vanishi.

Koma Shariya siyang'ana wogulitsa yekha. Mtumiki (SAW) analetsanso amalonda kukachingamira panjira anthu obwera ndi katundu asanafike pamsika, chifukwa munthu wa kutali sadziwa mitengo ndipo n'chapafupi kumudyera masuku pamutu. M'Hadisi ya kwa Muslim, mwini katundu wotereyo akafika pamsika ali ndi ufulu wobweza malondawo. Wogula wofika pakhomo la mayi amene ali mu eda, podziwa kuti mayiyo sangathe kupita kukafunsa mitengo, sakusiyana kwenikweni ndi wochingamira panjira uja. Abale athu amene mumachita geni imeneyi, phindu ndi halali, koma kumuuza munthu kuti mbawa ndi paini, kumeneko n'kuba m'maso muli gwa.

Kodi kabatiyo ndi ya yani?

Apa ndipo pali nkhani yaikulu, ndipo ndikupemphani kuti muwerenge mofatsa. Bambo akamwalira, funso loyamba si lakuti tigulitse zingati, koma lakuti chinthuchi chinali chake kodi. Ngati kabati inaperekedwa kwa mkazi monga mahari, kapena bambo anamupatsa ali moyo ngati mphatso, kapena mayiyo anaigula yekha ndi ndalama za mpunga kapena za matemba, ndiye kuti ndi yake. Silowa m'chuma cha masiye ngakhale pang'ono, ndipo woitulutsa m'nyumbamo walanda. Chisilamu sichisakaniza chuma cha mkazi ndi cha mwamuna chifukwa choti agona nyumba imodzi.

Ngati inalidi ya malemu, imawerengedwa pamodzi ndi zina zonse zimene wasiya. Pa chuma chimenecho pamayamba kuchoka zolipira pa maliro, kenako ngongole, ndipo mahari amene sanamalizidwe nawonso ndi ngongole. Kenako wasiya ngati analipo, wosapitirira gawo limodzi mwa magawo atatu. Zotsalazo ndizo zimagawidwa monga momwe Qur'an yolemekezeka yalongosolera mu Surat An-Nisa, ndime 11 ndi 12. Mkazi amalandira gawo limodzi mwa magawo asanu ndi atatu ngati malemu wasiya ana, kapena limodzi mwa anayi ngati sanasiye. Makolo a malemu, ngati ali moyo ndipo ana alipo, aliyense amalandira limodzi mwa asanu ndi limodzi. Mwana wamwamuna amalandira kawiri gawo la mwana wamkazi.

Kwathu kuno, kumene mwamuna amakhala kuchikamwini, pali chizolowezi chakuti abale a malemu ndi ana a alongo ake amabwera kudzatenga katundu wa mbale wawo kubwerera naye kwawo. Tinene mosapsatira: pamene malemu wasiya mwana wamwamuna, achimwene ake, alongo ake ndi ana awo alibe gawo m'Shariya. Akapatsidwa kanthu, ndi ulemu wochokera kwa eni ake, osati ufulu wawo. Ndime 10 ya Sura yomweyo ili ndi chenjezo loopsa kwa odya chuma cha ana amasiye mopanda chilungamo, ndipo palibe kabati padziko lino yoti munthu n'kudziika nayo pa chenjezo limenelo.

Tsono kabati singadulidwe zidutswa zisanu ndi zitatu. N'chifukwa chake mtengo wake uyenera kudziwika. Tiyerekeze chabe, manambalawa si mitengo ya pamsika: malemu wasiya mkazi, ana aamuna awiri ndi aakazi atatu, makolo ake anamwalira kale, ngongole palibe, ndipo anthu odziwa aika kabati pa K800,000. Mayi gawo lake ndi K100,000. Zotsala K700,000 zigawidwa magawo asanu ndi awiri: mwana wamkazi aliyense K100,000, wamwamuna aliyense K200,000. Tsono mwana wamkulu akaigulitsa mothamanga pa K160,000 chifukwa wogula ali pakhomo ndipo injini ikulira, mayi alandira K20,000, ndipo ana aakazi chimodzimodzi. Amene wataya ndalamazo si wogulitsa yekhayo. Watayitsa anthu asanu amene sanafunsidwe n'komwe.

Kudziwa mtengo sikukakamiza kugulitsa. Banja litha kugwirizana kuti kabati ikhale kwa mmodzi, mtengo wake uchotsedwe pa gawo lake la chuma chonse, kapena iye abwezere anzake ndalama pang'onopang'ono. Ana akuluakulu athanso kusiyira mayi awo magawo awo mwa kufuna kwawo, ndipo mabanja ambiri abwino amatero. Koma gawo la mwana wamng'ono palibe amene angalikhululukire m'malo mwake, ngakhale atsibweni ake. Liyenera kulembedwa ndi kusungidwa kufikira atakula.

Dziwaninso kuti boma lili ndi lamulo lake la chuma cha masiye, la chaka cha 2011, limene linalowa m'malo mwa lija la 1967. Lamuloli likuti munthu akamwalira osasiya wilo, mkazi kapena mwamuna wotsalayo ali ndi ufulu wosunga katundu wa m'nyumba yake, ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu woti munthu n'kumangidwa nawo. Choncho wobwera ndi ngolo kudzanyamula kabati mayi ali mu eda walakwira Mulungu, walakwiranso boma. Pamene magawo a Shariya ndi lamulo la boma zikuoneka ngati zikusiyana, khalani pansi ndi Shehe wodziwa za mirathi, ndipo ngati n'kofunika kafunseni ku ofesi ya DC, musanakweze mawu pabwalo.

Abambo amene mukadali moyo mungathe kuitseka nkhani yonseyi lero lomwe. Ngati mtima wanu ukufuna kuti kabati idzakhale ya mayi a kunyumba, apatseni tsopano, pamaso pa mboni ziwiri, ikhale yawo kuyambira tsiku lomwelo. Musadalire kunena kuti ndikadzafa idzakhale yawo, chifukwa wasiya wopita kwa munthu amene ali kale ndi gawo sugwira ntchito pokhapokha olowa chuma enawo atavomera.

Kupeza mtengo woyenera

Njira yapafupi ili m'manja mwathu momwemu. Itanani akalipentala awiri kapena atatu, aliyense payekha, ndipo musawafunse kuti angaigule zingati. Afunseni kuti angakulipiritseni zingati kuti akupangireni ina yonga yomweyo, msinkhu womwewo, ya mbawa yeniyeni. Yankho lawo lidzakudzidzimutsani, ndipo ena adzanena poyera kuti matabwa ake sangawapeze. Kabati yakale singafike pa mtengo wa yatsopano ngati ili ndi zilema, komabe nambala imeneyo ndiyo muyezo wanu. Kenako ijambuleni ndi foni kumaso, kumbuyo, m'kati ndi pa makona a dirowa, mutumize kwa wachibale wa m'tauni akaonetse kwa ogulitsa katundu wakale ndi kwa a okushoni. Wogula weniweni adzadikira sabata imodzi. Amene akuti ndi lero lokha, pali chimene akuopa kuti mungachidziwe mawa. Paja akulu anati safunsa anadya phula.

Muganizirenso za ndalama zimene mukulandirazo. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023. Amene anagulitsa katundu wake zisanachitike zimenezi n'kusunga ndalamazo pansi pa mphasa anadzuka ali ndi zochepa, pamene kabati ya mnzake inali chiimire pakona. Ngati mukugulitsa kuti mulipirire mwana sukulu, kuti mupite ndi wodwala kuchipatala, kapena kuti mugule chimanga ana asagone ndi njala, gulitsani ndi mtima woyera; munthu ndi wofunika kuposa thabwa, ndipo mwini chofunda ndi chikho uja anachita zomwezo. Koma kusinthanitsa mbawa ndi kabati ya m'sitolo ya utuchi wopanikiza ndi kutaya. Ija ikangolawa madzi kamodzi imatupa ngati chigumu n'kuyamba kunyenyeka, ndipo ife a kuchigwa, amene tinaona madzi a mu 2015 ndi a namondwe Freddy mu March 2023, tikudziwa kuti madzi salephera kubwera. Pa za Zakaat musade nkhawa: katundu wogwiritsa ntchito m'nyumba salipiridwa Zakaat, koma mukamugulitsa, ndalamazo zimawerengedwa pamodzi ndi zina zimene muli nazo.

Amene mwasankha kuisunga, adani ake ndi atatu: chinyontho, chiswe ndi penti. Ikwezeni pa njerwa zootcha kuti miyendo isakhudze dothi, isiyeni kampata ndi khoma kuti mphepo izidutsa, ndipo muzisesa kumbuyo kwake kuti muone msanga njira za chiswe. Mukaona kaufa kakugwa pa timabowo, dziwani kuti yayamba kufumbwa, funsani mmisiri mankhwala ake. Ikanyowa, iumitseni pamthunzi pang'onopang'ono, chifukwa dzuwa la kunyanja kuno limang'amba matabwa. Za penti ndikuchondererani: Idi ikayandikira, dzanja limayabwa kufuna kupaka chilichonse cha m'nyumba, koma penti wa buluu pa mbawa amagwetsa mtengo wake tsiku lomwelo, ndipo kumuchotsa ndi ntchito yodula. Kansalu kofewa ndi polishi pang'ono n'zokwanira. Zogwirira zamkuwa, mahinjesi, loko ndi kiyi wake, ngakhale zitaoneka zachikale, musazichotse; chimene chathyoka chisungeni m'dirowa.

Chotsiriza n'chosalira ndalama. Agogo akadali moyo, khalani nawo pakhonde muwafunse: anaipanga ndani, kuti, chaka chanji, ndi ndalama zochokera kuti, ndipo ndi ya yani pakati pa iwo ndi amuna awo. Mwana wa sukulu alembe zonsezo papepala, agogo asainire kapena adinde chala, mboni ziwiri zisainirenso. Pepalalo lidzathandiza wogula kukhulupirira zaka za kabatiyo, lidzathandizanso Shehe pa tsiku logawa. Mulipinde bwino, muliike m'kachitini ka makalata kaja.